CIMENE CIBWERETSA DZINJA KU PEMBAMOYO

Anthu a ku Pembamoyo, m'boma la Vubwi (limene kale linali mbali ya Chadiza), adziwa bwino kuti mphepo ikaleka kucokera kum'mwera ndi kuyamba kuomba kucokera kumpoto, nthawi yodzala cimanga ndi nshawa yayandikira. Makolo anaciona ici kale lomwe. Koma nciani cimene citembenuza mphepoyo caka ndi caka?

Dziko lapansi liri ngati dzungu lolasidwa ndi ndodo pakati. Lizungulira pa ndodoyo kamodzi pa tsiku, ndipo lizungulira dzuwa kamodzi pa caka. Tsono ndodoyo siinaime ciriri ai, inapendekeka madigiri 23 ndi theka, ndipo iloza mbali imodzimodziyo masiku onse. Cifukwa cace m'mwezi wa December mbali ya kum'mwera ya dziko ipenyana ndi dzuwa, ndipo m'June ilifulatira. Ena amati kutentha kudza pamene dziko layandikira dzuwa. Nzoona kuti liyandikira pang'ono m'January, koma mwezi womwewo anthu a ku London akunjenjemera ndi cisanu. Mwini nkhani ndiye kupendekekako.

Chadiza ali pa madigiri ngati 14 kum'mwera kwa Equator. Kumeneko dzuwa liima paliwombo penipeni kawiri pa caka, kumapeto kwa October ndi pakati pa February, ndipo masana a masiku amenewo munthu aponda cithunzithunzi cace.

Pamene dzuwa liomba molunjika, nthaka itentha, mpweya ukwera kumwamba, ndipo mphepo za mbali zonse zithamangira pamalopo. Pokumana mphepozo ndipo pamene mitambo ipangika. Malo okumanirawo atsata dzuwa, koma atsalira m'mbuyo masabata angapo, monga mwana wotsata amace kudambo. Ndico cifukwa cace October atentha koposa miyezi yonse: dzuwa lafika, mitambo yophimba siinafike. Mvula yeniyeni idza m'November, pamene mphepo yacinyontho yocokera ku nyanja ya Atlantic, yodzera m'nkhalango za Congo, ikumana ndi mphepo ya ku nyanja ya India.

Apa mpofunika kuti a kumigodi amvetse. Mphepo ya ku Congo ifika ku Kitwe ndi ku Mufulira isanafike kum'mawa, ndipo mvula ya kumeneko icuruka kuposa ya ku Chipata, kumene igwa mainci ngati 40, ndiwo mamilimita 1,000, pa caka. Munthu wanchito akaona mvula pa komboni asafulumire kutumiza mau kumudzi akuti, "Dzalani!" Kapena kwao kwangogwa cizimalupsa, kamvula kongozima phulusa la tchire, ndipo mbeu yodzala pa iko ipsa m'nthaka. Comwe ciyenera kufulumira ndi ndalama za mbeu ndi fetereza, kuti zifike October asanathe.

Dzuwa likabwerera kumpoto m'April, malo okumanira mphepo apita nalo, ndipo mwera atenga ufumu. Mwera acokera ku nyanja ya India, nasiya cinyontho cace pa mapiri a Mozambique ndi a Mulanje, nafika ku Pembamoyo wouma ndi wozizira, wong'amba milomo ya ana. Pa nyanja ya Malawi autsa mafunde oopsa. M'nyengo yace, m'July 1946, sitima ya Vipya inamira ndi anthu 145.

Kupendekeka kwa dziko sikusintha m'moyo wa munthu, koma mphepo zisokonezeka. Zaka zina madzi a nyanja ya Pacific atentha kopitirira, cimene akatswiri acicha El Niño, ndipo mitambo siikhazikika pa maiko a kuno. Zinatero m'1992. Zinateronso m'2024: mvula inadula m'January ndi m'February, cimanga ciri pafupi kumasula ngaiyaye, ndipo pa 29 February President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo mwana wa ku Pembamoyo wokhala ku Kitwe anagona mumdima caka comweco cimene nkhokwe ya amace inali yopanda kanthu.