Mankhwala a steroid ndi chotupa cha mu ubongo

Chotupa cha mu ubongo chimayamba pamene maselo ena a m'mutu ayamba kuswana mopanda malire. Vutoli limakula msanga chifukwa chigaza cha munthu wamkulu sichitamuka. Chotupacho chimafooketsa timitsempha ta magazi toyandikana nacho, ndipo madzi amayamba kuchucha n'kulowa mu ubongo, monga zimachitikira paipi yochokera ku damu la Mulunguzi ku Zomba ikang'aluka: dothi lonse lozungulira limanyowa. Ubongo ukatupa umasowa kolowera. Apa mpamene wodwala amamva mutu waukulu makamaka m'mamawa, amasanza, amaona zinthu ziwiriziwiri, amagwa ngati wakhunyu kapena kufooka mbali imodzi ya thupi.

Steroid amene madokotala amapereka kwambiri pa vutoli ndi dexamethasone. Anapangidwa koyamba mu 1957, ndipo mu 1961 madokotala a ku yunivesite ya Minnesota ku America anasonyeza kuti amachepetsa kutupa kwa ubongo mwa anthu a chotupa. Thupi limapanga lokha chinthu chofanana naye chotchedwa cortisol m'tiziwalo tili pamwamba pa impso, koma mphamvu ya dexamethasone ndi yoposa pafupifupi ka 25. Ntchito yake ndi kumata timitsempha tochucha tija. Madzi akachepa, pakatha tsiku limodzi kapena awiri munthu amene anali chigonere amadzuka, kuyankhula ndi kuitanitsa nsima.

Banja likaona zimenezi limaganiza kuti matenda atha, pamene chachoka ndi madzi okha. Pa zotupa zambiri, monga glioma ndi meningioma, maselo ake amakhala alipobe ndipo amapitiriza kukula. Ofufuza akaika dexamethasone pa maselo a glioma mu labotale amapeza zosiyana: pena kuswana kwa maselowo kumachepa liwiro, pena mankhwalawo amawateteza kuti asafe msanga ndi mankhwala a khansa. N'chifukwa chake madokotala amapereka mlingo wochepa umene ungathandize, kwa masiku ochepa ndithu. Banja losiya ulendo wa kuchipatala chifukwa wodwala wayamba kuyenda limataya nthawi imene opaleshoni ikadathandiza.

Chotupa chotchedwa lymphoma chili ndi khalidwe lina. Chimachokera ku maselo oyera a m'magazi, ndipo chimapezeka kwambiri mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, monga omwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV. Steroid amapha maselo ake, mwakuti chikhoza kuzimiririka pa chithunzi cha makina ojambulira m'mutu, kenako n'kubwerera pakapita masabata kapena miyezi. Dokotala akachikayikira amayesetsa kutenga kanyama ka chotupacho koti akayeze asanapereke mankhwalawo, kupatula ngati moyo uli pa chiswe. Munthu amene anagula yekha mapiritsi a steroid monga prednisolone kapena dexamethasone ayenera kuulula, apo ayi zoyezazo zimasokonekera.

Mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali amakweza shuga, amatupitsa nkhope, amasowetsa tulo, amabweretsa zilonda zam'mimba, ndipo amafooketsa ntchafu mpaka munthu kulephera kudzuka pa mkeka. Nkhope yonenepayo anthu ena amaiyamikira ngati kuchira. Chitetezo cha m'thupi chimatsikanso, choncho chifuwa chachikulu chimene chinagona chikhoza kudzuka. Kutsokomola kosatha, kutentha thupi, ludzu losatha ndi zoyera m'kamwa ndi zoyenera kukanena msanga.

Kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi n'koopsa. Pakapita masabata angapo tiziwalo ta pa impso tija timaleka kupanga cortisol, ndipo mapiritsi akangotha munthu akhoza kukomoka, ubongo n'kutupanso. Dokotala ndiye amatsitsa mlingo pang'onopang'ono, choncho wosamalira wodwala akatengeretu ena asanathe. Kuno ku Zomba wodwala wa zizindikiro zotere amaonedwa pa chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo wofunika opaleshoni ya m'mutu amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, atanyamula buku lake la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene wakhala akumwa.