Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Loyeserera Kuthawa Ngozi ku Mandala

A Mphunzitsi Wamkulu, a komiti ya sukulu, anzathu ozimitsa moto ochokera ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, a Red Cross, makolo, ndi inu ana anga, zikomo pondiitana.

Ndaona mmene mwatulukira belu litalira. Ambiri mwachita bwino, koma ena munabwerera kukatenga zikwama. Ana inu, chikwama tidzagula china kumsika wa Limbe. Moto ukabuka, tulukani chimanjamanja, osakankhana, mukaime pamalo amene mwauzidwa.

Ife a mu Blantyre ngozi sitiimvera pa wailesi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, napolo anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mitembo inadzaza kuchipatala cha Gulupu, ndipo sukulu monga Manja ndi Naotcha zinasanduka misasa ya anthu othawa. Zambiri zinachitika usiku, ana ali kunyumba. N'chifukwa chake zimene mwaphunzira lero zisathere pageti. Mukawauze amayi kuti phiri likayamba kulindima mvula ili mkati, munthu sadikira kuche. Ndipo mtsinje wa Mudi ukadzaza, musayerekeze kuwoloka, olo mwachedwa bwanji.

Aphunzitsi, ndilankhuleko ndi inu. Belu la ngozi lisiyane ndi la buleki, mwana wa Sitandade 1 alizindikire. Potuluka nyamulani kaundula, chifukwa popanda kuitana mayina simungadziwe kuti wina watsalira kuchimbudzi. Mawindo athu tinatchinga ndi zitsulo poopa akuba, ndiye khomo ndi limodzi lokha. Kodi makiyi amakhala ndi ndani? Ku Kenya, mu Seputembala 2024, anyamata 21 anapsera m'nyumba yogona pasukulu ya Hillside Endarasha. A sukulu zogonera pompo, mwamva.

Chivomerezi nacho musachiiwale. A ku Karonga anachiona mu Disembala 2009. Icho chikamagwedeza, lowani pansi pa desiki, mutuluke chikaleka.

Pempho langa n'lakuti muziyeserera temu iliyonse, nthawi zina osachenjeza, ngakhale pakati pa masamu. Za lero zinali zokonzekera, mlendo ali pampando. A komiti, ikani zimenezi pa kalendala ya sukulu, ndipo a ozimitsa moto, musananyamuke mutisiyire nambala yanu pakhoma la ofesi.