Basi Yodziwa Pamene Pali Sitima



Ku Switzerland kuli mabasi achikasu otchedwa PostAuto, amene anayamba kuyenda mu 1906. Ambiri mwa iwo amatenga anthu otsika sitima n'kukwera nawo kumidzi ya m'mapiri komwe njanji siifika. Mu 1982 kampani ya sitima ya dzikolo, SBB, inakhazikitsa ndandanda yoti sitima zizinyamuka pa mphindi zomwezomwezo ola lililonse, ndipo nthawi za mabasi zimakonzedwa motsatira ndandandayo. Munthu akamatsika sitima amapeza basi itaima kale panja pa siteshoni.

Koma ngakhale kumeneko sitima imachedwa. Zikatero dalaivala wa basi amagwira njakata: anyamuke n'kusiya anthu, kapena adikire osadziwa kuti mpaka liti? Masiku ano makompyuta a kampani ya sitima amadziwa pamene sitima yafika panjanji, basi nayo ili ndi kachipangizo ka GPS kouza ofesi malo amene ili, ndipo mbali ziwirizi zimatumizirana uthenga. Sitima ikachedwa pang'ono, pakagalasi kakutsogolo kwa dalaivala pamabwera mawu oti adikire. Ikachedwa kwambiri amauzidwa kuti azipita.

Mutu wa nkhani wagona pa kudikirako. M'basimo muli kale mayi wothamangira sitima ina kutsogolo, muli mwana wa sukulu, muli wantchito amene bwana wake akuyang'ana wotchi. Mphindi iliyonse yodikira amene akubwera yalandidwa kwa amene akhala kale pampando. Setilaiti ya GPS singaweruze mlandu umenewu. Amaweruza ndi anthu okhala pansi n'kulemba lamulo: basi ya m'tauni yobwera pafupipafupi isadikire, pakuti ina ili m'mbuyo, basi yomaliza ya usiku yopita kumudzi idikire ndithu, chifukwa woiphonya agona pasiteshoni.

Pamafunikanso kuti makampani osiyana azilemba uthenga wawo m'njira imodzi. Mu 2005 bungwe la mabasi ndi sitima la mumzinda wa Portland ku America, TriMet, linagwirizana ndi Google n'kupanga kalembedwe ka ndandanda kotchedwa GTFS, ndipo mu 2011 kanawonjezedwa mbali yonena pamene galimoto ili panthawi yomweyo. Ku London, pofika 2009, mabasi pafupifupi 8,000 anali ataikidwa zipangizo za iBus zouza ofesi ndi okwera malo a basi. Abale athu okhala ku Johannesburg akuidziwa sitima ya Gautrain, imene inayamba mu 2010 ndipo ili ndi mabasi akeake m'masiteshoni, olipirira ndi khadi lomwelo la sitima.

Kuno kwathu zinthu n'zosiyana, ndipo palibe chifukwa chonamizana. Minibasi imanyamuka ikadzaza, osati nthawi ikakwana. Wotsika sitima pa Balaka kapena pa Liwonde, thumba pamutu, amadalira mwayi ndi mawu a oitanira. Chonsecho makampani ambiri anaika kale zipangizo zolondolera magalimoto awo, kungoti cholinga chimakhala kuteteza katundu ndi mafuta, wokwera osapindulapo kanthu.

Tsono inu omaliza maphunziro a ntchito ya zamtengatenga, musathamangire kugula makina. Foni ya m'thumba mwa kondakitala ili kale ndi GPS. Kakhazikeni pamodzi a njanji ndi eni minibasi, agwirizane kuti wouza mnzake za kuchedwa kwa sitima ndani, ndipo wodikira adikire mphindi zingati. Zimenezo zikalembedwa, kaziikeni poyera pasiteshoni kuti wokwera aliyense aziwerenga.