NKHAWA NDI ULULU WA PAMBUYO PA OPALESHONI

 Lero m'phunziro lathu la zaumoyo tikambirana za munthu amene wacitidwa opaleshoni ku cipatala. Ambiri a inu muli naye mbale wotere: kapena amai anu pobadwa mwana wakhanda, kapena agogo amene anawacotsa ng'ala m'diso, kapena mnzanu amene anathyoka mwendo pampira. Funso lathu ndi ili: n'cifukwa ninji anthu awiri ocitidwa opaleshoni yofanana samva ululu wofanana? Wina agona tulo, wina abuula usiku wonse. Zifukwa n'zambiri, koma cimodzi ca izo ndico nkhawa ndi mantha.

Tiyambe ndi njira imene ululu umayendamo. Khungu ndi minofu zikadulidwa, timitsempha tating'ono ta pamalopo timatumiza uthenga. Uthengawo umayenda kufika m'cingwe cofewa cimene cili m'kati mwa mafupa a msana, ndipo kucokera pamenepo umakwera ku ubongo. Munthu amamva ululu pokhapo ubongo utalandira uthengawo. N'cifukwa cace wodwala wogonekedwa ndi mankhwala samva mpeni wa dokotala. Nzeru yogoneka odwala inaonetsedwa poyera pa 16 October, 1846, mumzinda wa Boston ku America, pamene William Morton anagwiritsa nchito mankhwala ochedwa ether. Koma mankhwala ogonetsa akatha m'thupi, cilonda cimakhala cilipobe, ndipo ululu umayamba kumveka.

M'caka ca 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack wa ku Canada ndi Patrick Wall wa ku Britain, anafotokoza kuti m'cingwe ca msana muli malo ogwira nchito ngati cipata ca khola. Cipata cikatseguka kwambiri, ng'ombe zimatuluka zambiri nthawi imodzi. Cikacepa, zimatuluka imodziimodzi. Momwemonso uthenga wa ululu. Inu ana mumadziwa kale njira imodzi yocepetsera cipataci: mukagunda cigongono pa desiki mumasisita pamalopo, ndipo kuwawa kumacepa. Ubongo nawo umatumiza mau ake kunsi, olamula cipata kuti citseguke kapena cicepe. Munthu akadzazidwa ndi nkhawa, maganizo ake onse ali pacilonda, cipata cimatseguka. Mtima ukakhala pansi, cimacepa. Patapita zaka khumi, mu 1975, John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen m'dziko la Scotland anapeza kuti thupi limapanga lokha mankhwala opha ululu, ogwira nchito mofanana ndi morphine wa ku cipatala.

Tsopano mverani nkhani ya dokotala wina wa ku America, dzina lake Henry Beecher. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse iye anali kusamala asilikali ovulala ku Italy. Anadabwa kuona kuti mwa asilikali ovulala koopsa amene anawafunsa, pafupifupi atatu mwa anai alionse sanafune mankhwala opha ululu. Nkhondo itatha, anafunsa funso lomwelo kwa anthu wamba ocitidwa opaleshoni, ndipo ambiri a iwo anawafuna mankhwalawo, ngakhale zilonda zao sizinapose za asilikali aja. Beecher anaganiza kuti kusiyanaku kunacokera ku tanthauzo la cilonda. Kwa msilikali, cilonda cinatanthauza kuti wacoka kunkhondo ali moyo. Kwa munthu wamba, cinatanthauza tsoka: nchito yaima, ndalama zikutha, banja livutika. Lero tidziwanso kuti ngozi yadzidzidzi imatha kuziziritsa ululu kwa kanthawi. Nkhawa imene imaukulitsa ndi ija yokhalitsa, yodya munthu usana ndi usiku.

Kodi nkhawa imacita ciani m'thupi? Taganizani kuti mukupita kusukulu ndipo galu wolusa wakuthamangitsani. Tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi madzi amphamvu ochedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda msanga, mpweya umakhala wapafupipafupi, minofu imakungika. Zonsezi zimakuthandizani kuthawa. Koma wodwala wogona pabedi alibe kothawira. Minofu yake yokungika imakoka cilonda, ndipo ululu umakula. Ululu umamlanda tulo, ndipo munthu wosagona bwino amamva kuwawa koposa m'mawa mwake. Kuwawako kumaonjezera nkhawa, nkhawa nayonso iwonjezera kuwawa, motero zinthu ziwirizi zimangodyetsana.

Pali coopsa cina. Wodwala amene acitidwa opaleshoni ya pamimba amaopa kupuma mozama ndi kutsokomola. Akatero makhololo amaunjikana m'mapapo, ndipo angadwale cibayo. Amaopanso kudzuka ndi kuyenda, koma kugona malo amodzi masiku ambiri kungaumitse magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Ndico cifukwa cace anamwino amaumiriza odwala kuyenda pang'onopang'ono mwamsanga. Sacita zimenezi cifukwa ca nkhanza ai.

Nkhawa imacedwetsanso kupola kwa cilonda. Mu 1998 akatswiri a ku Ohio ku America anayesa zimenezi pa ophunzira 11 a udokotala wa mano amene anadzipereka okha. Aliyense anamceka kacilonda kakang'ono m'kamwa kawiri: koyamba pa nthawi ya holide, kaciwiri patatsala masiku atatu kuti alembe mayeso. Kacilonda ka nthawi ya mayeso kanacedwa kupola ndi masiku ngati atatu. Anthu anali omwewo, zilonda zinali zofanana. Cinasintha ndi nkhawa.

Nanga nkhawa ili ndi mankhwala? Mu 1964 Dokotala Lawrence Egbert ndi anzake anayesa cinthu capafupi pa cipatala ca Massachusetts General ku Boston, comwe cija anaonetserako ether. Anatenga odwala 97 oyembekezera opaleshoni ya pamimba, nawagawa m'magulu awiri. Gulu loyamba analisamala monga mwa masiku onse. Gulu laciwiri dokotala wogonetsa odwala anakhala nalo pansi, nalifotokozera zoona zokhazokha: pamene padzawawe, kukula kwa ululuwo, ndi masiku amene udzatenge. Analiphunzitsanso kupuma mofatsa, kumasula minofu ya pamimba, ndi kutembenuka pabedi mosadzipweteka. Odwala a gulu laciwiri anafuna pafupifupi theka cabe la morphine amene anzao anafuna. Madokotala owacita opaleshoni, amene sanadziwe kuti wodwala uyu ali m'gulu liti, anawatulutsa m'cipatala masiku pafupifupi atatu anzao asanatuluke. Onani kuti odwalawo sanawanamize kuti sikudzawawa. Anawauza zoona, ndipo coopsa codziwika sicisautsa mtima ngati cosadziwika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa dokotala ciliconse cimene cikumvutitsa maganizo.

Pano ndicenjeze, kuti wina asamve molakwa. Sitikunena kuti ululu wa pambuyo pa opaleshoni ndi wongoganizira. Ululuwo ndi weniweni, ndipo wobuula si wamantha kapena waulesi. Mau akuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" sapoletsa cilonda. Mau okoma amathandiza mankhwala, koma salowa m'malo mwake. Wodwala auze anamwino ululu ukangoyamba, pakuti ululu waung'ono suvuta kuugonjetsa ngati umene wakula kale. Amwe mankhwala monga momwe adokotala anenera, ndipo asaonjezerepo ena, ngakhale a zitsamba, iwo osadziwa. Atabwerera kunyumba, ngati ululu ukukulirakulira m'malo mocepa, ngati thupi latentha, kapena cilonda catupa ndi kutuluka mafinya, abwerere kucipatala tsiku lomwelo.

Tsono inu ana mungacitepo ciani? Zambiri ndithu. Mai amene agona m'cipatala, kaya ku Lusaka, ku Ndola, ku Chipata kapena ku Katete, kawirikawiri mtima wao umakhala kunyumba. Amafunsa mumtima kuti, kodi ana adya? Mbuzi zalowa m'khola? Munda aupalira? Mukatunga madzi, kusesa pabwalo ndi kulera mbale wanu wamng'ono mosanyinyirika, uthenga wace umafika kucipatala ndipo umakhazika mtima wao pansi. Mukapita kukazonda wodwala, mupatseni moni mwaulemu, lankhulani motsitsa mau, ndipo muuzeni nkhani zabwino za kumudzi ndi za kusukulu. Musamuuze za uje amene anamwalira ndi matenda omwewo. Musakhalitse, pakuti wodwala afunika tulo.

Kwa inu aphunzitsi, ndi makolo amene mukumvetsera, pempho langa ndi ili: tileke kuopseza ana ndi cipatala. Mwana amene amauzidwa kuti akapanda kumvera adzamtengera kwa anamwino kuti akamlase jekeseni, tsiku limene adzafunikire opaleshoni adzalowa m'cipatala akunjenjemera. Ngati m'kalasi mwanu muli mwana woyembekezera opaleshoni, mfotokozereni m'mau apafupi kuti adzamgoneka, sadzamva kanthu pomcita, adzamva kuwawa akadzuka, ndipo adzampatsa mankhwala ocepetsa kuwawako. Mtsimikizireni kuti maphunziro amene adzamphonye mudzamthandiza. Anzake amlembere kalata kapena amjambulire zithunzi.

Tisanatsirize, tiyeni ticite pamodzi cimene odwala aja anaphunzira. Khalani mowongoka, ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono kufikira mimba itakwera. Tsopano utulutseni ndi pakamwa mosafulumira, mukumasula mapewa. Bwerezani kasanu. Njira imeneyi ingakuthandizeninso pa tsiku la mayeso.

Aphunzitsi, lembani mafunso awa pabolodi kuti ana ayankhe m'mabuku ao:

1. Chulani malo amene uthenga wa ululu umadutsa kucokera pacilonda kufika ku ubongo.
2. N'cifukwa ninji anamwino amauza wodwala kuyenda ndi kutsokomola pambuyo pa opaleshoni?
3. Kodi odwala a gulu laciwiri ku Boston anauzidwa ciani, ndipo cinawathandiza bwanji?
4. Lembani zinthu zitatu zimene mungacite kunyumba mbale wanu akagonekedwa m'cipatala.

 Tsalani bwino, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.