TULO TA MUNTHU WA NCHITO YA USIKU

Ku migodi ya Nkana, Mufulira ndi Konkola nchito siima dzuwa likalowa. Pamene anthu a m'komboni ali m'tulo, amuna ena ali pansi pa nthaka. Ndipo pofika kwao m'mawa apeza ana alikusewera pakhomo, wailesi ilikulira, ndi alendo alikuwadikira. Motero munthu agona pang'ono, nadzuka thupi lili lolema.

Tulo si ulesi ai. M'caka ca 1953, ku Chicago, akatswiri awiri, Aserinsky ndi Kleitman, anapeza kuti pali nthawi zina pamene maso a munthu wogona ayendayenda msanga, zikope zili citsekere. Ndipo akamuutsa pamenepo, kawirikawiri anena kuti analikulota. Lero cidziwika kuti tulo tili ndi zigawo: topepuka, tofa nato, ndi ta maloto. Zigawozi zitha pafupifupi mphindi 90, ndi kuyambanso, kanai kapena kasanu usiku umodzi. M'tulo tofa nato thupi likonza minofu yotopa, ndipo ubongo usunga zimene munthu waphunzira. Cifukwa cace wamkulu afunika maora 7 kapena kuposapo, ndipo mwana afunika oposa pamenepo.

Tsono bvuto la wa shifiti ya usiku ndi ili. M'ubongo muli conga koloko cimene citsata kuwala ndi mdima. Kukada, thupi liturutsa mankhwala ace ochedwa melatonin, ndiwo aliuza kuti nthawi yogona yakwana, kukaca, aleka. Cotero pakati pa 3 koloko ndi 5 koloko mbandakuca munthu aodzera ngakhale ali wamphamvu, ndipo usana tulo tace tikhala tatifupi ndi todukaduka. M'caka ca 1997 akatswiri a ku Australia anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maora 17 acita zinthu mocedwa monga womwa mowa. Wotere akagwira makina oboola mwala, kapena akayendetsa galimoto, aika moyo wace ndi wa anzace pangozi. Kusowa tulo zaka zambiri kucititsanso kuti munthu agwidwe msanga ndi nthenda ya mtima kapena ya shuga.

Nanga acite ciani? Poweruka apite kwao, asapatukire ku mowa. Pakuti mowa ugonetsa msanga, koma udula tulo pakati. Asamwe tiyi kapena khofi nthawi yoweruka itayandikira, cifukwa mphamvu yace ikhala m'magazi maora ambiri. Pa zenera apacike nsaru yocindikala kuti m'cipinda mude bii, nagone nthawi imodzimodzi masiku onse. Tulo tikapanda kukwana, agonenso ora limodzi madzulo asanapite ku nchito.

A m'nyumba ali nayo mbali yao. Mai atengere ana kutali ndi zenera, ndipo mlendo auzidwe mwaulemu kuti bambo alikugona, abwere madzulo. Banja limene lisunga tulo ta bambo lisunga dzanja limene liwadyetsa.