Chifukwa Chake Dziko Lapansi Lili ndi Maginito Pamene Nthanda Ilibe

Njerwa iliyonse imene yapsa mu uvuni ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Namitete imasunga chizindikiro cha mphamvu yochokera makilomita 2,900 pansi pa nthaka, pakuti tizidutswa ta chitsulo ta m'dothi tikapsa n'kuyamba kuzizira, timaloza kumene maginito a dziko lapansi akuloza, ndipo timakhazikika momwemo. Mu 2015 John Tarduno ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atapima dothi la pansi pa nyumba zimene alimi akale ankaziwotcha m'chigwa cha Limpopo, ndipo linaonetsa kuti mphamvuyi inkasinthasintha kum'mwera kwa Africa zaka mazana apitawo.

Mphamvu imeneyi, yomwenso imatembenuza muvi wa kampasi, imabadwira mu chitsulo chosungunuka chimene chili m'kati mwa dziko. Chitsulo chotentha kwambiri chimakwera, chozizirirapo chimatsika, ndipo kuzungulira kwa dziko kumapotokola kuyendaku mpaka kutulutsa magetsi amene amabala maginito, monga dainamo ya njinga imene imayatsa nyali pokhapokha gudumu likamayenda. Motero kukhala ndi chitsulo kokha si kokwanira, koma chiyenera kukhala chamadzimadzi ndiponso choyendayenda.

Jupiter ili ndi maginito amphamvu kuposa mapulaneti onse ozungulira dzuwa, ngakhale kuti kumeneko ntchitoyi imagwiridwa ndi hayidrojeni wopanikizika kwambiri moti amadutsitsa magetsi. Mars inali nawo kale, ndipo miyala yake ikuchitirabe umboni, koma dainamo yake inaima zaka pafupifupi 4 biliyoni zapitazo, kotero kuti mphepo ya dzuwa, kutanthauza tinthu tamagetsi timene dzuwa limalavula, yakhala ikukokolola mpweya wa Mars.

Yopatsa chidwi koposa ndi Venus, imene alimi olawirira kumunda amaiona kum'mawa n'kumaitchula kuti Nthanda. Kukula kwake n'kofanana pafupifupi ndi dziko lapansi, komabe ilibe dainamo. Ena amaloza chala kuzungulira kwake kochedwa, popeza imatenga masiku 243 kuti itembenuke kamodzi, koma chifukwa chomveka bwino, chimene akatswiri ambiri amachikhulupirira, n'chakuti chikhungwa chake sichinagawike m'zigawo zoyenda monga zimene zinang'amba chigwa cha Nyanja ya Malawi, choncho kutentha kwa m'kati kumatuluka pang'onopang'ono kwambiri moti chitsulo sichikwera kapena kutsika.