Buku la Ulendo ndi Mlendo wa pa Wenela

(Mawu amene mnzathu wina anayankhula pa msonkhano wa ophunzira akale mu mzinda wa Blantyre)

 Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo za mabuku, popeza chaka chino tagwirizana zothandiza laibulale ya sukulu yathu. Ine sindine katswiri wa mabuku ayi. Ndingokuuzani za buku limodzi limene linandisowetsa tulo kawiri: poyamba ndili Fomu 2, kachiwiri ndili bambo wa ana.

Bukulo ndi I Will Try, lolembedwa ndi Legson Kayira, ndipo linatuluka mu 1965. Anzanga a kogonera mukulikumbukira: linabwera ndi mnzathu wina, chikuto chitathothoka kale, ndipo tinkalandizana usiku, wina akuwerenga ndi tochi pansi pa bulangete kuopa pulifekiti.

Kayira anali mnyamata wa kumpoto, wa m'mudzi wa Mpale, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Mu Okutobala 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, ati akupita ku America kukaphunzira. Ananyamula Baibulo, buku la John Bunyan lotchedwa Pilgrim's Progress, bulangete ndi kankhwangwa. Anadutsa dziko la Tanganyika, akugwira maganyu m'njira kuti apeze chakudya, mpaka anafika ku Kampala. Kumeneko, m'laibulale, anapeza buku la mayina a makoleji a ku America, nalembera kalata koleji ya Skagit Valley. Anamulandira. Atafika ku Khartoum, ophunzira a pa kolejiyo ndi anthu a m'dera la kolejiyo anamusonkhera ndalama ya ndege, ndipo anafika pa kolejiyo kumapeto kwa 1960.

Ukaifotokoza chonchi, nkhaniyi imamveka yophweka. Koma chimene chinkandigunditsa mtima pansi pa bulangete paja si kutalika kwa ulendowo. Ndinkaganizira madzulo aliwonse, dzuwa likulowa, mnyamatayu akuyandikira mudzi umene palibe womudziwa, chiyankhulo chawo sachimva, mapazi atang'ambika. Kodi amupatsa madzi, kapena amutulutsira agalu? Iwe wowerenga ukudziwa kuti mwanayu alibe choipa chilichonse, chifukwa wayenda naye masamba onsewo. Eni mudzi sakudziwa. Iwo akungoona munthu wauve wokhala ndi nkhwangwa. Umalakalaka kufuula kuti, "Musiyeni, ndi mwana wasukulu!" koma pakamwa pako sipafika m'bukumo.

Tisanamizane, si mabuku otere okha amene tinkawerenga. Tinkalimbirana kwambiri a James Hadley Chase ndi a Pacesetters, ndipo ambiri a ife Chingerezi tinachinolera pamenepo. M'mabuku a Chase munthu wachilendo akagogoda pachitseko umadziwiratu kuti m'thumba mwake muli mfuti. Mantha ake anali okoma, ndipo sindikuwanyoza. Ndikungoti mumtima mwa mwana mmodzi yemweyo munkalowa maphunziro awiri osiyana, ndipo sizinkadziwika kuti tsiku la mayeso lidzapambana liti.

Mayeso anga anandipeza pa Wenela. Kunali kukuda, ndikudikira minibasi yopita kwathu ku Chilomoni, malipiro ali m'thumba. Kunabwera mnyamata wovala malaya akuda ndi fumbi, atanyamula kajumbo, akuyankhula Chichewa chosakanikira ndi Chipwitikizi, akunditambasulira kapepala. Sindinamve n'komwe zimene ankanena. Ndinagwira thumba langa, ndinamukalipira kuti achoke, ndipo mawu amene ndinagwiritsa ntchito sindingawabwereze pamaso pa aphunzitsi anga. Iye anabwerera m'mbuyo osayankha.

Mayi wina wogulitsa nthochi anamuitana nati, "Bwera kuno mwanawe, tione." Anawerenga kapepalako mokweza. Mnyamatayo anachokera mbali za ku Tete, analowera ku Mwanza, ndipo ankafuna njira ya ku chipatala cha Gulupu kumene mkulu wake anagonekedwa. Mayiwo anamupatsa nthochi ziwiri, namuperekeza kwa kondakitala, namuuza pomutsitsira.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinazindikira kuti mudzi uja ndinkaukwiyira ndili Fomu 2, mudzi wotulutsira mlendo agalu, tsopano ndinali ine. Komanso malo ake! Dzina loti Wenela linachokera ku bungwe limene linkalemba agogo athu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Anthu athu akhala alendo m'mayiko a eni kuyambira kale, ndipo tonse tikukumbukira m'mene Amalawi anathawira ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, atangotsala ndi zovala za m'thupi. Ine ndinkadandaula nawo pa wailesi, ine yemweyo wokalipira mwana wofuna chipatala.

Ena munganene kuti, nanga bukulo linathandiza chiyani poti munthu unamuthamangitsa ndithu? Funso limeneli ndadzifunsa. Mayi wa nthochi uja mwina sanamvepo za Kayira, koma anachita bwino kuposa ine wa satifiketi. Choncho sindikuuzani kuti buku limasandutsa munthu kukhala wabwino. Chimene linandichitira ine n'chakuti linandimana mtendere. Popanda ilo ndikanafika kunyumba n'kuuza akazi anga kuti lero ndapulumuka kwa mbava, n'kugona tulo tabwino. Manyazi amene ndinamva anali atabzalidwa zaka zambiri m'mbuyomo, pansi pa bulangete, ndipo kuyambira tsikulo munthu akanditambasulira kapepala ndimayamba ndawerenga.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika muno mu Blantyre, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena mlandu wawo uli wongokhala osadziwika m'deralo. Pa gulu lotere pamasowa munthu mmodzi woti mtima umugunde n'kufunsa kuti, "Kodi munthuyu tamufunsa kumene akupita?" Makolo ankati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma mwambi wokha umatha msanga m'khutu. Buku limakuyendetsa ndi mlendoyo sabata yathunthu, njala yake n'kukhala yako.

Kayira anamwalira ku London mu 2012, atalemba mabuku enanso monga Jingala ndi The Detainee. Nditapita kusukulu kwathu posachedwapa ndinaona kuti mashelefu adzaza ndi mabuku a mayeso okhaokha. Amenewo ngofunika, ndipo tigula. Koma pempho langa n'lakuti aliyense awonjezerepo buku limodzi la nthano kapena la ulendo, la Chichewa kapena la Chingerezi, ngakhale logula pa kaunjika wa mabuku m'mphepete mwa msewu ku Limbe. Amene muli ndi Nthondo la Samuel Ntara m'sutikesi, litulutseni njenjete zisanalimalize. A Msungichuma aika katoni pakhomo paja, ndipo adzabwera nayonso pa msonkhano wotsatira.